iNaturalist ndi zotupa za pa marozi: ikani app iyi musanagule mankhwala opopera

Anzanga amene muli ndi kadimba kuno ku UK, kaya ndi kuseri kwa nyumba kaya ndi allotment, kamunda kobwereka ku khonsolo, musanagule botolo lina lililonse la mankhwala opopera yambani mwaika iNaturalist pa foni. Ndi yaulere, palibe cholipira pamwezi, ma advert mulibe, ndipo ntchito yake ndiyoti mukajambula chomera, kachilombo, bowa kapena mbalame imakuuzani kuti chikhoza kukhala chakuti, kenako anthu enieni odziwa za zimenezo amadzayang'ana chithunzi chanucho n'kuvomereza kapena kukonza. Ine ndikamba za mbali imodzi yokha, ya zotupa zimene zimamera pa marozi, chifukwa ndi pomwe ndayigwiritsa ntchito kwambiri komanso ndi pomwe ndaona pamene mphamvu zake zimathera.

Amene mumayenda wapansi m'mbali mwa canal kapena m'tinjira ta m'mipanda ya minda kuyambira Julayi mpaka Seputembala muyenera kuti munachionapo chinthu ichi ngakhale simunachisamale. Pa rozi yakutchire ija ya minga yokhota, imene dzina lake ndi Rosa canina koma eni dziko amati dog rose, pamamera chimpira chaubweya, poyamba chobiriwira, kenako chimasanduka pinki mpaka kufiira psuu, ndevu zake zangati za chimanga chikangoyamba kubereka koma zopiringizana ndi zanthambinthambi. China chimakhala chaching'ono ngati nsonga ya chala pa tsamba, china chimakula kufika masentimita 10. Ukachigwira kunja n'chofewa, chomata pang'ono, koma ukafinya umamva kuti m'kati muli chinthu cholimba ngati mtengo. Azungu kuno amachitcha Robin's pincushion, m'mabuku mupeza bedeguar gall.

Changa chinamera pa mphukira imene inatuluka pansi pa rozi yakale ya pa allotment, komanso zina pa mpanda wa kumalire. Nditaonetsa chithunzi mu shopu ina ya zam'dimba, mnyamata wogulitsa anangoti mwina ndi matenda n'kundilozera shelefu ya mankhwala ophera tizilombo, amene kabotolo kake sikotchipa ayi. Sindikumuda mwanayo, ntchito yake ndi kugulitsa ndipo sanaphunzitsidwe za zimenezi. Koma app ija nditaiponyera chithunzi chomwecho inabweretsa dzina pamwamba penipeni, Diplolepis rosae, ndipo pasanapite nthawi anthu ena anavomereza, chithunzi changa n'kulowa m'gulu limene amati Research Grade. Gulu limeneli limatanthauza kuti chithunzi chili ndi tsiku ndi malo, ndipo oposa magawo awiri mwa atatu a amene apereka dzina agwirizana. Pa chotupa ichi app simaphonya kwenikweni chifukwa palibe china chofanana nacho pa rozi.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri n'choti dzina limene imakupatsani si la rozi, ndi la mwini chotupacho. Diplolepis rosae ndi kamavu kakang'onong'ono, kotalika pafupifupi mamilimita 4, kakuda kumutu ndi pachifuwa koma kofiirira kumimba ndi miyendo, sikaluma munthu. Kakakazi kamaikira mazira m'timasamba timene tisanaphukire bwino cha m'ma Meyi, mazirawo akaswa timphutsi timayamba kudya ndipo rozi m'malo mopanga tsamba imapanga chimpira chija, ndiye kuti chomeracho chimawamangira nyumba n'kumawadyetsanso. M'katimo muli tizipinda tambirimbiri, kachipinda kalikonse kamphutsi kake. Timakhala momwemo winta yonse, chotupa chija chitauma n'kuda bii ngati chinyalala chokodwa pa minga, kenako timatuluka titamera mapiko nyengo ikafundanso. Ndipo tamverani izi, timavu tatimuna n'tosowa kwambiri, pafupifupi tonse n'tatikazi ndipo timabereka popanda mwamuna, asayansi amati n'chifukwa cha bakiteriya wina wotchedwa Wolbachia amene amakhala m'thupi mwa tizilomboti. Zonsezi mumaziwerenga mu app momwemo mukadina pa dzina, pamabwera nkhani yake, mapu a kumene kamapezeka ndi tchati choonetsa miyezi imene anthu amakajambula kwambiri.

Ukangomvetsa moyo wa kamavuka funso la mankhwala limatha lokha. Pamene mukuchiona chotupa mazira anaikiridwa kalekale, mphutsi zili m'kati mwa khoma lolimba, mankhwala opopera pamwamba sazifikira ngakhale pang'ono. Amene afe ndi njuchi zimene zabwera ku maluwa, ma ladybird amene amakudyerani nsabwe za pa masamba, ndi tizilombo tina tabwinobwino. Ndalama yapita, njuchi zafa, chotupa chilipobe. Ndipo rozi yakeyo siivutika kwenikweni, nthambi imene ili ndi chotupa mwina singakule bwino kupitirira pamenepo koma chitsamba chonse chimaphuka maluwa ndi kubereka zipatso zake zofiira zija monga mwa nthawi zonse. Ngakhale a RHS, bungwe lalikulu la za minda kuno, malangizo awo ndi omwewo oti n'chosaopsa ndipo mukhoza kuchisiya. Zimakonda kuchuluka pa tizitsamba tating'ono kapena timene tikuvutika ndi nthaka youma, ndiye ngati pali choti muchite ndi kusamala chomeracho, manyowa, madzi ndi kuphimbira pansi.

Pa allotment pathu anthu amagawikana. Pali agogo ena achizungu amene marozi awo ndi a chionetsero, safuna kuona kalikonse kosakhala duwa, iwo akangochiona amatenga sizasi yodulira nthambi n'kudula pansi pake pang'ono pamwamba pa diso (pophukira nthambi yatsopano) loyang'ana kunja, basi nkhani yatha. Palibe cholakwika pamenepo, ndi njira yokhayo imene imagwiradi ntchito ngati simuchifuna, bola mudule chisanafike chaka chinacho pamene timavu timatuluka, chifukwa mukadula chotupa chakale chimene chili kale ndi timabowo ndiye kuti eni ake anasamuka, mwangochotsa nyumba yopanda anthu. Ena amachisiya dala chifukwa cha kukongola, makamaka Seputembala dzuwa likamawomba chammbali chimaoneka bwino kuposa maluwa ena. Ine za pa mpanda sindizikhudza n'komwe. Mphukira ija ndinaichotsa koma osati chifukwa cha chotupa ayi, mphukirayo ndiyo inali vuto. Marozi ambiri ogula amakhala omezanitsa, pamwamba mtundu wa maluwa okongola, pansi tsinde ndi mizu ya rozi yolimba yakutchire, ndiye tsinde lapansilo likatulutsa mphukira zake zimalanda chakudya mpaka rozi yanu yabwino ija kufooka. Kamavu kaja kamakonda marozi akutchire ndi ena oyandikana nawo monga Rosa rubiginosa, pa marozi a maluwa akuluakulu a m'dimba sikabwera kawirikawiri, choncho mukaona chimpira chofiira pa rozi yanu yogula yang'anitsitsani ngati nthambiyo sikuchokera pansi pa mfundo yomezanitsira. Mphukira yotero muifukule pang'ono n'kuikhadzula pamene yayambira, mukangoidula pamwamba imaphukanso zambiri.

Tsopano mbali imene inandikoka mtima mpaka ndinayamba kuzisaka dala zotupazi. Munthu wina pa app, wodziwa kwambiri za timavu, analemba pansi pa chithunzi changa kuti ndikafuna kuona zodabwitsa ndidikire mpaka kumapeto kwa winta, cha m'ma Febuluwale, ndidule chotupa chouma chimene chilibe mabowo, ndichiike m'botolo lagalasi, kukamwa kwake ndimange kansalu kopyapyala m'malo mwa chivindikiro kuti musachite nkhungu, n'kulisiya mu shedi mozizira osati m'nyumba mofunda. Ndinachita zomwezo. Nyengo itafunda tinthu tinayamba kutuluka n'kumayenda pagalasi, ndipo si mtundu umodzi ayi. Tina takuda tamimba yofiirira, eni nyumba aja. Tina tating'ono takuda thupi lonse, amenewo akuti ndi Periclistus brandtii, alendo ongobwera kudzaikira mazira m'chotupa cha mnzawo n'kumangamo tizipinda tawo. Koma kamene sindidzakaiwala ndi kobiriwira konyezimira ngati chitsulo, kumimba kofiira ngati kopa, kumbuyo kali ndi kamchira kowongoka katalikatali koposa thupi lake, kamene ndi koboolera khoma kuti kaikire dzira pa mphutsi ya m'kati. Ameneyo ndi Torymus bedeguaris. Palinso Orthopelma mediator amene nayenso amadya mphutsi za mwini nyumba. Chimpira chimodzi chija chimasunga mitundu yoposa khumi ya tizilombo, ena odya chomera, ena odya odya chomerawo, ena odya amenewonso, ndipo m'nyengo yozizira timbalame timabwera kudzajompha kuti tipeze mphutsi. Ndikaganiza kuti zonsezi munthu akhoza kuzithira poizoni chifukwa chongosadziwa, zimandiwawa ndithu. Nditatha kujambula ndinatsegula botolo pafupi ndi mpanda kuti azipita.

Apa ndinene chilungamo, tizilombo ting'onoting'ono chonchi kamera ya foni imavutika nato ndipo app nayo imangofika pa banja kapena pa gulu, osati mtundu weniweni. Kagalasi kokulitsa zinthu komata pa kamera ya foni kamathandiza kwambiri, n'kotchipa pa intaneti. Ndipo amene amamaliza ntchito ndi anthu aja, osati makina.

Zotupa za pa rozi si chimpira chofiira chokha. Mukatembenuza masamba a dog rose m'chilimwe mupeza timipira ting'onoting'ono ngati nsawawa kukula kwake, tobiriwira kapena tofiirira mbali imodzi, tomata kunsi kwa tsamba. Tina tili ndi minga zingapo zotuluka uku ndi uku, amenewo ndi a Diplolepis nervosa, kuno amati sputnik gall, ndipo app imawadziwa bwino. Koma tina n'tosalala, ndipo apa ndi pamene muyenera kusamala. Kampira kosalala kakhoza kukhala ka Diplolepis eglanteriae komanso kakhoza kukhala ka nervosa yemweyo chifukwa nayenso nthawi zina amapanga kopanda minga, ndipo palibe munthu kapena kompyuta imene ingasiyanitse ndi chithunzi chokha, mpaka utasunga kachotupako kamavu katuluke. App ikhoza kukupatsani dzina limodzi pamwamba ngati ikutsimikiza, koma odziwa amalibweza n'kulisiya pa Diplolepis basi. Ena zimawakhumudwitsa kuti chithunzi chawo sichikufika pa dzina lathunthu, koma ine ndimaona kuti ndi chizindikiro chabwino, malo amene anthu ake amavomera kunena kuti apa sitingadziwe ndi malo oti uwakhulupirire akanena kuti apa tikudziwa. Chimene muyenera kupewa ndi kungodina kuvomereza dzina loyamba limene makina apereka musanayang'ane zithunzi zofananira, chifukwa zolemba za Research Grade zimapita ku nkhokwe ya dziko lonse ya GBIF kumene ofufuza amazigwiritsa ntchito, ndiye dzina lolakwika limakasokoneza anthu ena kutsogolo. Kumagombe a nyanja, pa mchenga pamene pamamera karozi kakafupi ka minga yambiri kotchedwa burnet rose, kulinso mtundu wina, Diplolepis spinosissimae, wotupitsa tsamba mbali zonse ziwiri. Palinso masamba amene amapiringizika ngati ndudu, imeneyo ndi ntchito ya kachilombo kena kotchedwa Blennocampa phyllocolpa, ndipo iko kamabwera ndithu pa marozi a m'dimba, mankhwala ake ndi kungothothola masamba opiringizikawo ngati ali ochepa.

Koma chenjezo lalikulu ndi ili, ndipo ngati muiwale zonse musaiwale apa. Si chotupa chilichonse pa rozi chimene chili cha tizilombo touluka. Kuli china chotchedwa crown gall chimene chimabwera ndi bakiteriya wa m'nthaka, Agrobacterium tumefaciens, amene amalowera pa bala, kaya la khasu, kaya la sizasi, kaya la chisanu. Ichi chilibe ubweya, sichikongola, ndi chibulumwa chokakala chamabampumabampu, chikadali chachiwisi chimakhala choyererako ndi chofewa, chikakalamba chimada n'kulimba n'kumang'ambika, ndipo kawirikawiri chimakhala pa tsinde pamene pakumana ndi dothi kapena pa mizu, nthawi zina m'mwamba pamene munadulirapo. Chimenechi chikhoza kufooketsa chomera makamaka chaching'ono, mankhwala ochiza kulibe, bakiteriyayo amatsala m'dothi ndipo amagwiranso mitengo ya maapulo, mapeyala a kuno, ma cherry, ma raspberry ndi mphesa. Alimi a kuno chomera chikagwidwa kwambiri amachizula ndi mizu yomwe, osachiponya pa kompositi, amatsuka zida ndi mankhwala ophera majeremusi, ndipo pamalopo sabzalaponso rozi msanga. Pa nkhani iyi iNaturalist musaidalire yokha. Chithunzi cha chotupa chabulauni pa tsinde labulauni pa dothi labulauni n'chovuta kwa makina, ndiponso pansi pa rozi yomezanitsa pamakhala kale mfundo yotupa yachibadwa pamene anamezanitsira, imene munthu wamantha akhoza kuiyesa matenda n'kuzula rozi yabwinobwino. Mfundo yomezanitsira imakhala yolimba, khungwa lake n'lofanana ndi la tsinde ndipo nthambi zazikulu zimachokera pomwepo, pamene crown gall imaoneka ngati chinthu chomatidwa chammbali chimene ungachibenthule. Mukakayika funsani mlimi wodziwa aone ndi maso, app iyi anaipangira kudziwa zamoyo, si dokotala wa mbewu, ndipo sikuuzani choti muchite ndi chomera chanu.

Za kagwiritsidwe ntchito, pali tinthu tingapo timene ndikanakonda wina akanandiuza poyamba pomwe. Jambulani chotupa pafupi, kenako jambulaninso tsamba, minga ndi chitsamba chonse, zonse muike pamodzi, chifukwa odziwa za zotupa funso lawo loyamba limakhala lakuti chamera pa chomera chanji. Rozi yobzala m'dimba muyenera kuichonga kuti ndi yobzalidwa, koma kamavu kamene kali pa roziyo n'kakutchire, palibe anakabzala, ndiye mukamalemba chotupa musachonge pamenepo. Pa webusaiti pali poti musonyeze kuti chimene mwaona ndi gall, kutanthauza chotupa, osati kachilombo kenikeniko, zimathandiza ofufuza. Chachikulu kwa ife amene timajambula pakhomo ndi nkhani ya malo, foni imaika pamene mwaima ndendende ndipo mapu ake aliyense akhoza kuwaona, choncho za kunyumba sankhani obscured, imabisa malo enieni n'kungoonetsa dera lalikulu la makilomita angapo. Amayi amene mukukhala nokha ndi ana chonde musaiwale kachinthu kameneka. Kwa ana kuli app ina ya anthu omwewa yotchedwa Seek, siifuna akaunti, imazindikira zinthu ngakhale popanda intaneti, ndipo ana amaikonda chifukwa imapereka timabaji.

Chilankhulo ndi chimene chikhoza kutopetsa ena, mayina ambiri ndi a Chilatini ndi Chingelezi ndipo odziwa aja nthawi zina amalemba mwachidule ngati akulembera anzawo a ku yunivesite. Koma ukafunsa mwaulemu kuti mwadziwa bwanji, ambiri amayankha bwino ndithu, ndi anthu ongodzipereka, salipidwa. Liwiro la mayankho limatengera chinthu ndi malo, chimpira chofiira ku England chimayankhidwa msanga chifukwa ochidziwa ndi ambiri, kuno kuli mpaka bungwe la anthu okonda zotupa za zomera, British Plant Gall Society, pamene kachilombo kosadziwika kakhoza kukhala miyezi osayankhidwa.

App iyi inayamba mu 2008 ngati ntchito ya ophunzira pa yunivesite ya California ku Berkeley, kenako inakhala m'manja mwa California Academy of Sciences pamodzi ndi National Geographic Society, ndipo kuyambira 2023 ndi bungwe loima palokha losapanga phindu, n'chifukwa chake simuona wina akukukakamizani kugula mankhwala m'katimo. Kwa ine ichi ndi chifukwa chachikulu choikhulupirira pa nkhani ngati iyi, amene akukuuzani dzina la chinthu alibe botolo loti akugulitseni. Imagwira ntchito dziko lonse, kumudzi ku Malawi kapena ku Chipata mukhoza kuigwiritsa ntchito chimodzimodzi, kungoti zithunzi zimadya bandulo ndiye ndi bwino kujambula masana n'kudzatumiza mukapeza Wi-Fi, tsiku ndi malo zimasungika pa chithunzi. Chimpira chofiira cha dog rose kumeneko simukachipeza, koma masamba a mango aja amene amakhala ndi timatuza tambirimbiri nawonso ndi zotupa za tizilombo, tintchentche ting'onoting'ono, ndipo zithunzi zochokera kwathu n'zochepa poyerekeza ndi za kuno moti chilichonse chimene mungaponye chili ndi phindu, ngakhale yankho lingachedwe.

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi ndi theka. Theka ndachotsa chifukwa munthu watsopano akhoza kutenga dzina loyamba la makina ngati chigamulo, makamaka pa zotupa zosalala zija ndi pa crown gall. Ngati mukufuna app yoti ikuuzeni nthawi yothirira kapena feteleza woti muthire, iyi si imeneyo, funani ina. Koma ngati mwapeza chinthu chachilendo pa rozi yanu ndipo dzanja layamba kale kulowera ku botolo la mankhwala, jambulani kaye kumwamba ndi kunsi kwa tsamba, yang'anani pansi pa tsinde, ponyani zithunzizo, ndipo mudikireko masiku angapo anthu ayankhe, chotupa cha kamavu sichifalikira ku nthambi zina pa nthawi imene mukudikirayo.